Mwera unali mphepo usanakhale chigawo

Mwana wa mchemwali wanga ali Sitandade 5, ndipo m'kalasi sachoka pa nambala yabwino. Loweruka lina tili pakhonde kwathu kuno ku Mangochi ndinamuuza, mongocheza, kuti andilozere kumpoto. Sanachedwe ayi. Anangotukula chala n'kuloza malata a denga.

Ndinaseka, koma iye sanaseke nawo. "Amalume, aphunzitsi anati kumpoto ndi kumwamba," anatero nkhope ili gwa. Ndipo mwanayo sananame. Mapu a Malawi amene ali pakhoma m'kalasi mwawo aika Karonga pamwamba pafupi ndi denga, Nsanje ali m'munsi moyandikira simenti. Zimene anaona ndi zimene anandiuza.

Agogo ake, amene akalambira panyanja, anali chapatali pang'ono akusoka ukonde. Sanadzutse n'komwe mutu. Anangofunsa kuti, "Iwe, mphepo ija imabwera mvula ikayandikira, ija imatilowetsera fumbi pakhomo la kukhitchini, imachokera kuti?" Mwana analoza kunyanja. "Basi, kumpoto n'komweko. Dzina la mphepoyo ndi mpoto."

Chiyambire tsiku limenelo nkhaniyi yakhala ikundivutitsa mutu. Mawu akuti kumpoto ndi kum'mwera tikuwanena tsiku ndi tsiku, pa wailesi, m'nyuzipepala, pa misonkhano ya ndale, koma ambiri taiwala kuti ndi maina a mphepo. Ine ndikuti kuiwala kumeneku kukutidyera zambiri, makamaka ife okhala m'mbali mwa nyanja, ndipo sukulu ndi malo oyamba amene tiyenera kukonza.

Mawu anayi amene timalozera mbali za dziko si a bere limodzi. Awiri ndi ana a dzuwa. Kum'mawa ndi kumene kumachokera m'mawa, kumadzulo ndi kumene dzuwa limapita madzulo. Mukawasenda bwino mupezamonso zina: m'kati mwa m'mawa muli mawa, m'kati mwa madzulo muli dzulo. Ndiye kuti munthu akaima n'kuyang'ana mapiri a ku Namwera kumene dzuwa limatulukira, wayang'ana mbali ya mawa, dzulo lili kumsana kwake. Palibe mwana amene angasokoneze mbali ziwirizi, chifukwa dzuwa limamuphunzitsa lokha tsiku lililonse popanda choko.

Awiri enawo ndi ana a mphepo. Mwera ndi mphepo yozizira, youma, imene imalimba kuyambira cha mu Meyi mpaka cha mu Sepitembala. Mpoto ndi mnzake wa nthawi ya dzinja, amene amabwera ndi chinyezi ndi mitambo. Makolo anangowonjezera ku patsogolo pa dzina la mphepo, mbali ya dziko n'kupezeka. Kumpoto ndi kwawo kwa mpoto, monga mmene kumudzi kulili kwawo kwa munthu.

Ndipo mphepo sizinathere pa ziwirizi. Pali vuma, yochokera kotulukira dzuwa, ndi zambwe, yochokera kolowera dzuwa. N'chifukwa chake mumamva owerenga nkhani za nyengo akunena kuti kuvuma ndi kuzambwe, achinyamata ena n'kumayesa kuti ndi Chichewa chachilendo. Si chachilendo ayi. Chichewa chili ndi mbali zonse zinayi m'maina a mphepo: mpoto, mwera, vuma, zambwe. Dzuwa linangokwanitsa kutchula ziwiri. Anthu amene anapanga mawu amenewa anali anthu oyang'ana mphepo, chifukwa moyo wawo unali pa mphepo: tsiku lopalasa bwato, tsiku lotentha tchire, mbali yoyang'anitsa khomo la nyumba, nthawi yoyamba kusosa m'munda.

Pali mphepo ina imene inayenda njira yobwerera m'mbuyo. Chiperoni, kamvula kowaza ndi nkhungu kamene kamazizira anzathu a ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre, chinatenga dzina kwa phiri la Chiperone la ku Mozambique, mbali imene nyengoyo imachokera. Apo malo ndi amene anapatsa mphepo dzina. Pa mwera ndi mpoto, mphepo ndi imene inapatsa malo dzina.

Kuti mumvetse chimene mawu akuti mwera amalemera nacho, pitani pagombe mu Julayi m'bandakucha. Mabwato ali ndandanda pamchenga, mabooti a injini akokeredwa kumtunda, nyali za kauni, usodzi wa usiku wokopa nsomba ndi kuwala, zili zozima. Pa thandala palibe usipa wokwanira n'chigoba chomwe. Amayi ogula nsomba akhala m'magulu atafunda zitenje mpaka kumutu, mabeseni ali chivundikire. Mukafunsa kuti kwagwanji, yankho ndi liwu limodzi: "Mwera." Safunika kuwonjezera kanthu. M'liwu limenelo muli kuti usiku sanalowe m'madzi, kuti ukonde wa chilimira wauma, kuti mtengo wa usipa ukwera pamsika, kuti ngongole ya mafuta a injini idikira kaye. Mwera ukagwira ukhoza kutha masiku angapo osapuma.

Koma mphepo yomweyi, imene imagoneka asodzi ndi njala, ndi imenenso imadyetsa Mangochi. Nyanja yathu ndi yaitali makilomita oposa 550, ndipo inagona chotalika kuchokera kumpoto kudza kuno. Mwera ukawomba masiku ambiri umakankhira madzi ofunda a pamwamba kumpoto. Kuno kumathero a nyanja, madzi ozizira a pansi amakwera kudzalowa m'malo mwake, atasenza chonde chimene chinadikha pansi. Chondecho chimameretsa tizomera tosaoneka ndi maso, tizomerato timadyetsa tizilombo tating'onoting'ono ta m'madzi, ndipo pa zonsezi m'pamene usipa, utaka ndi chambo zimapezera chakudya. Kuphatikiza apo nyanja ya kuno si yakuya ngati ya ku Nkhata Bay, choncho chonde sichithawira kutali. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene dera lino limatchukira ndi nsomba kuposa madera ena a nyanja. Msodzi amene akutukwana mwera mu Julayi akutukwana mlimi amene akumuthirira manyowa m'munda.

Chifukwa choti mwera umatsata kutalika kwa nyanja, mafunde ake amanka nakula akamapita kumpoto. Pafupi ndi nsanja ya wotchi ija ili pa boma, chakufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, pali chikumbutso cha sitima ya Vipya imene inamira pa 30 Julayi 1946, anthu 145 n'kutsikira kuli chete. Inamira kumpoto kwa nyanja, cha ku Chitimba, itakumana ndi namondwe m'mwezi umene mwera umakhala pachimake. Ambiri timadutsa pamenepo pa kabaza tsiku lililonse osacheuka. Ine ndikamadutsa ndimakumbuka kuti anthu amenewo anafera kumpoto m'nyengo ya mphepo ya kum'mwera. Nyanja siidziwa zigawo.

Tsono wina anditsutsa, ndipo ali ndi mfundo. Adzati mphepo si kampasi. Mwera suchokera kum'mwera kwenikweni, umachokera kum'mwera chakum'mawa, kunyanja yaikulu ya India. Umapotokanso ukakumana ndi mapiri, ndipo mmene umamvekera ku Malindi si mmene umamvekera ku Chembe kuseri kwa mapiri a Cape Maclear. Woyeza malo, woyendetsa sitima ya Ilala, womanga msewu, onsewa amafuna muvi umene susuntha. Mwana wa lero adzakula ndi foni ya mapu m'thumba. Nanga kumuphunzitsa za mphepo n'kumubwezeranji m'mbuyo?

Zoti mphepo imapotoka n'zoona, sindikana. Koma dzuwa nalonso limapotoka, ndipo palibe amene wanenapo kuti tisiye mawu akuti kum'mawa. Yang'anitsitsani pamene dzuwa limatulukira pa mapiri aja mu Juni, mudzayang'anenso mu Disembala. Mu Juni limatulukira chakumpoto, mu Disembala lasunthira chakum'mwera, ndipo mpata wake ndi waukulu ndithu woti ngakhale mwana akhoza kuuona. Mawu a mbali za dziko sanapangidwe kuti ayeze malire a puloti. Anapangidwa kuti munthu adziwe pamene waima. Kampasi imabwera pambuyo kudzawongola chimene thupi likudziwa kale. Vuto la mwana wa mchemwali wanga silinali kuphonya ndi madigiri khumi. Iye analibiretu kumpoto kwa pansi pano. Kumpoto kwake kunali papepala basi, ndipo pepalalo litachotsedwa kunatsala denga.

Za foni nazo tisanamizane. Pakati pa nyanja usiku, batire litatha kapena netiweki itathawa, msodzi amabwerera ku doko ndi mphepo imene ikumuwomba pa tsaya, mafunde mmene akumenyera bwato, ndi mdima wa mapiri. Siginala amene amatsogolera anzake pa usodzi wa kauni sawerenga muvi wa pagalasi. Amamva kuti mphepo yatembenuka, n'kuuza anzake kuti akoke msanga.

Si ife tokha amene tinatchula mbali za dziko motere. Anzathu olankhula Chiswahili amati kaskazini ndi kusini, ndipo mawuwa anachokera ku kaskazi ndi kusi, mphepo ziwiri za panyanja ya India zimene zinkayendetsa zombo za matanga pakati pa Kilwa, Zanzibar, Arabia ndi India. Kaskazi inkabweretsa amalonda, kusi inkawabweza kwawo. Mbali za dzuwa anazitenga ku Chiarabu: mashariki ndi magharibi. Liwu lachiwirili si lachilendo kuno ku Mangochi, kumene makolo a Chiyao ankayenda ulendo wa malonda mpaka ku Kilwa. Magharibi ndi swala ya polowa dzuwa, komanso ndi mbali imene dzuwalo limalowera, ndendende mmene madzulo athu alili nthawi komanso mbali. Anthu awiri osiyana zilankhulo, onse okhala m'mbali mwa madzi, anagwirizana osakambirana: dzuwa litchule ziwiri, mphepo itchule ziwiri.

Pamenepa ndiwonjezere kanthu kamene aphunzitsi a kuno ali nako pakhomo koma sakagwiritsa ntchito. Kuchokera ku Mangochi, Makka ali pafupifupi kumpoto kwenikweni, kopendekera pang'ono chabe kum'mawa. Ndiye kuti mzikiti uliwonse m'boma lino, kuyambira kwa Mponda mpaka ku Makanjira, unayang'anitsidwa mbali imeneyo. Mwana wachisilamu amene amaima pa swala kasanu pa tsiku amadziwa Qibla, mbali ya ku Makka imene amayang'ana popemphera, ngakhale mutamudzutsa pakati pa usiku. Amadziwanso mmene manda amakumbidwira kuti nkhope ya malemu iyang'ane komweko. Mwana ameneyo akudziwa kale kumpoto ndi thupi lake lonse. Chikungosowa ndi munthu womuuza kuti chimene amachidziwa ku madrasa ndi chomwecho chimene chili pa mapu a kusukulu. Mnzake wachikhristu naye amadutsa pa mzikiti womwewo popita kumsika.

Tsopano ndifike pamene pamandiwawa kwambiri. Masiku ano mukangoti "wakumpoto" kapena "wakum'mwera", palibe amene amaganiza za mphepo. Anthu amamva mtundu, chipani, ndi mmene munthuyo akaponyere voti. Chisankho cha 1994 chinaonetsa zimenezi poyera: Chakufwa Chihana anakolola kumpoto, Kamuzu Banda pakati, Bakili Muluzi kum'mwera. Kuyambira pamenepo mawu awiriwa akhala ngati zidindo zopaka pamphumi. Munthu akalembedwa ntchito kapena akachotsedwa, funso loyamba m'minibasi limakhala lakuti ndi wakuti.

Chodabwitsa n'chakuti ife a ku Mangochi sitidziwika bwinobwino kuti ndife a mbali iti. Owerenga anthu pa kalembera amatiika m'chigawo cha kum'mwera. Apolisi amatiika m'chigawo cha kum'mawa pamodzi ndi Machinga, Balaka ndi Zomba, ndipo zipani zandale nazo zimatero, ena n'kumati chigawo cha kuvuma. A zamaphunziro amatiika kum'mwera chakum'mawa. Tengani mapu muyeze nokha: boma la Ntcheu, limene lili m'chigawo chapakati, lili kum'mwera kuposa boma la Mangochi. Makanjira ayang'anizana ndi Salima kutsidya kwa nyanja. Ndipo Namwera, ngakhale dzina lake likumveka ngati mphepo ija, ali kotulukira dzuwa, panjira ya ku Chiponde. Mizere imeneyi anajambula ndi anthu a m'maofesi kuti ntchito ya boma iyende, ndipo pa ntchito imeneyo ilibe vuto. Vuto limabwera tikayamba kuyesa kuti kum'mwera ndi magazi.

Mphepo imatiphunzitsa zosiyana ndi zimenezi. Kumpoto si malo amene ungafike n'kukhala pansi. Kwa ine wa ku Mangochi, Nkhotakota ndi kumpoto. Kwa wa ku Nkhotakota, kumpoto ndi ku Nkhata Bay. Wa ku Karonga, amene timamutcha wakumpoto weniweni, mpoto umamuwombanso kuchokera ku Tanzania, ndipo kwa anthu a ku Mbeya iye ndi wakum'mwera. Ife amene timatchedwa akum'mwera, abale athu amene ali pa ganyu ku Johannesburg amatiloza kumpoto. Sindikunena kuti kuphunzitsa ana za mphepo kuthetsa tsankho la zigawo, ayi, tsankho lili ndi mizu yake m'kagawidwe ka misewu, sukulu ndi maudindo. Koma mwana amene waphunzira kuti kumpoto kumadalira pamene waima savutika kumvetsa kuti aliyense ndi wakumpoto kwa wina.

Liwu lina limene talilandira osalifunsa ndi lakuti "mayiko akumadzulo". Tikatero timatanthauza Britain, Germany, America ndi anzawo. Koma imani pa mlatho wa Shire madzulo muyang'ane kumene dzuwa likulowera. Uko kuli Dedza, kenako dera la Tete ku Mozambique, kenako Zambia ndi Angola. London sali uko. Ali kumpoto, kopendekera pang'ono kumadzulo. Kumadzulo kumene timanenako ndi kwa anthu amene anaima ku Ulaya n'kumagawa dziko malinga ndi pamene iwo anaima. Makolo athu ankangoti mayiko a azungu kapena kunja, ndipo sankasochera. Sindikuti liwulo tilithamangitse, lakhazikika kale m'nkhani za pa wailesi. Ndikungoti tizidziwa kuti tikamalinena taima pa mapazi a eni ake.

Za kalembedwe sinditayapo nthawi yambiri. Mudzaona kumwera, kummwera ndi kum'mwera, nthawi zina zonse zitatu m'nyuzipepala imodzi. Ine ndimalemba kum'mwera chifukwa ndi mmene ndimamvera anthu akutchulira, komanso kumasiyanitsa ndi kumwera kwa kapu yomwera tiyi. Amene amalemba kumwera nawo ali ndi chifukwa chomveka, poti mphepoyo ndi mwera ndipo ku amangoikidwa patsogolo. Ndingakondwe titagwirizana chimodzi, koma bola munthu alakwitse kalembedwe akudziwa mphepo yake.

Chimene ndikupempha n'chochepa, ndipo sichifuna thandizo la kunja. Phunziro la mbali za dziko liziyambira pabwalo, osati pa bolodi. Ana atuluke m'mawa aloze dzuwa. Afunsidwe kumene mphepo ya mu Juni imachokera, ija imawang'amba milomo ndi kuwatuwitsa miyendo. Kenako mapu achotsedwe pakhoma, ayalidwe pansi, Karonga aloze kunyanja, Nsanje aloze kumene Shire akupita akatuluka m'nyanja kulowera ku Malombe ndi ku Liwonde. Akatero m'pamene mapu abwerere pakhoma. Mawu a vuma ndi zambwe aphunzitsidwe limodzi ndi anzawo, asasiyidwe ngati mawu a nkhalamba. Ndipo m'sukulu za m'mbali mwa nyanja, bwanji osaitana msodzi mmodzi wachikulire kuti adzayankhule kwa theka la ola? Amadziwa za mphepo kuposa buku lililonse limene lili m'kabati ya ahedi.

A zanyengo amachita bwino akamachenjeza kuti panyanja pakhala mphepo ya mwera, ndipo asasiye kutchula dzinalo. Kunena kuti "mphepo yamphamvu yochokera kum'mwera chakum'mawa" n'kolondola, koma msodzi amayamba watanthauzira kaye. Akamva kuti mwera, miyendo imadziwa yokha chochita. Chenjezo limagwira ntchito likabwera m'liwu limene munthu anayamwira.

Ngakhale zinthu zamakono zikufunabe nzeru yomweyi. Sola zadzaza pa madenga a kuno, koma zambiri zimangoikidwa mbali imene makwerero anafikira. Ife tili kum'mwera kwa mzere wogawa dziko pakati, choncho miyezi yambiri ya chaka dzuwa la masana limakhala chakumpoto kwathu. Limadutsa paliwombo penipeni kumayambiriro kwa Novembala ndi mu Febuluwale, ndipo pakati pa miyezi imeneyi limapendekera pang'ono kum'mwera, koma mu Juni ndi Julayi limatsikira kumpoto kwambiri. N'chifukwa chake sola imayenera kupendekera kumpoto.

Mwezi watha tinagula yathu yaing'ono yoyatsira mababu atatu ndi kutchajira mafoni. Mnyamata amene anabwera kudzaiika atakwera padenga anatulutsa foni kuti aone kampasi, koma foniyo inali itazima. Anayamba kucheukacheuka. Mwana wa mchemwali wanga, amene anali pansi atagwira makwerero, anakuwa kuti, "Achimwene, iyang'anitseni kunyanja, kumene kumachokera mpoto!" Agogo ake anali pamkeka pomwe paja ndi ukonde wawo, ndipo ulendo uno anadzutsa mutu.